Pampu ikamabangula, tisamati ndi mmene imakhalira

Mbuna zathu zomwe amazitumiza kunja kuchokera ku Senga Bay zimakakhala m'matanki agalasi pabalaza ku Germany kapena ku America. Pansi pa thankiyo pamakhala kapampu kobwezera madzi, ndipo kakangoyamba kung'ung'udza, mwini wake sagona tulo. Amakakhazika pa mphira, amachotsa paipi yolimba n'kuikapo yofewa, amatsuka timapiko tam'kati mpaka katakhala chete.

Ife kuno kwa Mkanda, pampu ya petulo ikamabangula kudimba, jenereta ikamanjenjemeretsa khonde la shopu, chigayo cha dizilo chikamagogoda mpaka usiku, timangoti makina ndi mmene amakhalira. Ine ndikukana. Injini siingakhale duu, koma phokoso lambiri lomwe timapirira ndi la makina odwala.

Kayimeni pafupi ndi pampu m'chilimwe, nthawi yothirira tomato ndi chimanga. Ikamalira ngati yameza miyala, ndiye kuti ikukoka mpweya pamodzi ndi madzi kapena ikuvutika kukoka madzi okwanira. Mwina paipi yokokera yabooka, mwina sefa yatsekeka ndi matope, mwinanso madzi aphwa pachitsime ndipo pampu ili kutali nawo. Zikatero timapiko timadyeka, madzi amatuluka ochepa, petulo n'kumangotha. Ikamalira mokwecha, ndi mabeyaring'i. Ikamavina pamalo amodzi, ndi mabawuti omasuka kapena pokhala posalingana. Chidutswa cha tayala lakale pansi pake chimameza kunjenjemera kochuluka, ndipo kuwotcherera sailensa yobooka n'kotchipa kusiyana ndi kugula injini ina.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi anyamata a m'zigayo. Amakhala tsiku lonse pambali pa injini, oyera mbee ndi ufa, m'makutu mulibe chilichonse. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku ndiye malire. Kupyola apo makutu amayamba kufa. Simufunika chipangizo kuti mudziwe. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima mita imodzi akumveni, mwapyola kale. Ndipo makutu owonongeka motere sabwereranso mwakale.

Ena ati, munthu akusaka ya sopo, mumulankhulirenji? Zoona, popanda chigayo sitidya nsima, ndipo magetsi akathima wometa amadalira jenereta. Sindikuti azimitse. Ndikuti akonze, poti ndalama yomwe ikuthera m'mafuta ndi m'masipeya ndi yake yomwe. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Eni zigayo, agulireni antchito anu zotseka m'makutu. Alangizi a zaulimi, pophunzitsa ulimi wamthirira muziphunzitsanso kumvetsera pampu. Nanu a komiti ya msika ndi mafumu athu, gwirizanani ndi eni makina za nthawi yozimitsa usiku, kuti ana asukulu ndi odwala azigona.