Ku London musamangojambulitsa pa Big Ben

Aliyense amene ali ndi m'bale ku Mangalande amazidziwa zithunzi zimene zimafika pa WhatsApp mlendo akangoponda mu London. Pa choyamba waima pa mlatho wa Westminster, nsanja ya wotchi ija ili kumbuyo. Pa chachiwiri wagwira chitseko cha kanyumba kofiira ka telefoni. Pa chachitatu akusuzumira pa geti la Buckingham Palace ngati mfumu ituluka kudzamupatsa moni. Inenso ndinajambulitsa zonsezi mu Julayi 2024, azakhali atandiitana pa holide, ndipo sindichita nazo manyazi. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambirife timabwerako titangoona London amene anakonzera alendo onse, pamene mumzindamo muli mbiri yathuyathu, ina pamtunda woyenda pansi kuchoka pamene tinajambulitsapo.

Tengani Westminster Abbey, tchalitchi chimene mafumu a ku England akhala akuvekedweramo ufumu kuyambira 1066. Chili tsidya la msewu kuchoka pa wotchi ija. Khamu limathamangira kumanda a mafumu ndi a alakatuli, koma pakati pa tchalitchicho, pansi pamene anthu amaponda, pali mwala wa David Livingstone. Munthuyu anafera kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu 1873. Mtima wake anaukwirira komweko, ndipo thupi analiumitsa n'kulinyamula miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mchere. Anamuika mu London pa 18 Epulo 1874. Mwalawo umathokoza manja okhulupirika amene anamubweretsa, koma sutchula eni manjawo. Susi palibe. Chuma palibe, mnyamata wachiyawo amene anamasulidwa kwa ogulitsa akapolo mu 1861 m'dera lathu lomwe lino la kummwera. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, alendo akundilambalala, ndikuwerenga mobwereza ngati dzina lingatulukire. Kusukulu ya pulayimale tinaloweza zaka za maulendo a Livingstone, koma palibe anatiuza kuti popanda anthu amene anasenza mtembowo, manda a ku London akanakhala opanda kanthu.

Mukayenda mphindi zochepa kulowera kumpoto mufika pa Trafalgar Square. Apa ndiye ndinali ndi mwayi. Pa bwaloli pali nsanja inayake imene amaikapo ziboliboli zosinthasintha, ndipo kuyambira Seputembala 2022 panali ntchito ya Samson Kambalu, Mmalawi, yotchedwa Antelope. Anaumba John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley potengera chithunzi cha 1914. Chilembwe anali wamkulu kuposa mnzakeyo, chipewa chili kumutu, zimene munthu wakuda sankaloledwa kuchita pamaso pa mzungu nthawi imeneyo. Nkhope yomweyo imene timaipinda m'thumba pa ndalama zathu inali kuyang'ana London kuchokera pamwamba. Chibolibolicho anachitsitsa patangopita miyezi iwiri, nthawi yake itatha, ndipo azakhali anandiuza kuti pali Amalawi amene anakhala mumzindamo zaka ziwiri zonsezo osapita kukachiona. Sindiwaweruza kwambiri. Munthu wogwira ntchito usiku yosamalira okalamba, tsiku lopuma amafuna tulo.

Tsopano nkhani imene tinakangana ndi mnzanga wina wa m'kalasi nditabwerako. Iye akuti Mwafirika wodzilemekeza sayenera kulowa mu British Museum kapena mu Tower of London, chifukwa kumeneko n'kuombera m'manja wakuba pamene akukuonetsa katundu wako. Mfundo yake si yopepuka. Mu British Museum, imene inakhazikitsidwa mu 1753, muli mwala wa Rosetta wochokera ku Egypt, komanso zosula zamkuwa zimene asilikali a Britain analanda atawononga mzinda wa Benin mu 1897. Ku Tower of London anthu amafola mzere wautali kuti aone ndodo yachifumu yokhala ndi dayamondi wa makarati 530, chidutswa cha mwala wa Cullinan umene unapezeka pafupi ndi Pretoria mu 1905. Boma la Transvaal linaugula n'kuupereka kwa Edward VII ngati mphatso mu 1907, choncho ena amati apa panalibe kuba. Koma anthu akuda amene ankakumba m'migodimo anawafunsa ndani? Anzathu a ku Zambia nawo akhala akupempha kwa zaka zambiri chibade cha munthu wakalekale chimene chinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921, ndipo chikusungidwabe ku Natural History Museum.

Zonsezi ndikuvomereza, komabe ndikuti lowani. Kukana kulowa sikubweza kanthu ngakhale kamodzi, ndipo ku British Museum salipiritsa n'komwe, ndiye palibe ndalama imene mwawamana. Amene waluza ndi inu, amene mwina simudzapezanso mpata woona ndi maso luso la amisiri a ku Benin. Ine ndinali nditawerenga za zosulazo m'mabuku, koma buku silinandiuze mmene timizere ta pa zovala za asilikali ojambulidwawo tilili tosalala, moti umadabwa kuti munthu amene anatcha anthu awa osatukuka anali ndi maso otani. Chinanso, werengani timapepala tofotokozera tija, pang'onopang'ono, monga tiwerengera ndakatulo m'kalasi. Onani pamene alemba mosabisa kuti chinthu chinalandidwa pa nkhondo, ndi pamene angoti chinapezedwa kapena chinaperekedwa. Mkangano wobweza zinthuzi umafunika anthu amene anaziona ndipo akudziwa chimene akuitanitsa.

Pamene mnzanga uja amandigonjetsa ndi pa nkhani ya visa. Oyang'anira malowa amakonda kunena kuti zinthuzi akusungira dziko lonse lapansi. Dziko lonse lake liti? Kuti ine ndikafike pakhomopo, azakhali analemba makalata, anaonetsa mapepala a kubanki, ndipo tinadikira milungu tili ndi mantha kuti atikaniza. Mwana wa sukulu wa ku Kabwe kapena ku Benin City adzalowera khomo liti? Chitseko chaulere chimene chili kuseri kwa tikiti ya ndege ndi visa n'chaulere kwa anthu ochepa kwambiri.

Kutali ndi pakati pa mzinda ndinangofika ku Greenwich ndi ku Windsor. Ku Greenwich kuli mzere umene mayiko anagwirizana mu 1884 kuti ukhale poyambira kuyeza dziko, ndipo n'chifukwa chake timati nthawi yathu ili patsogolo ndi maola awiri. Anthu amajambulitsa atatangadza mzerewo, mwendo wina kummawa, wina kumadzulo. Ku Windsor onse amakamba za nyumba yachifumu, koma pa tchalitchi cha St George pagona Alemayehu, mwana wa mfumu Tewodros ya ku Ethiopia, amene anamutenga ali wamng'ono nkhondo ya 1868 itatha ndipo anamwalira mu 1879 ali ndi zaka 18. A ku Ethiopia anapempha mafupa ake, ndipo mu 2023 anawakanizanso.

Tsiku lomaliza ndinapempha azakhali kuti tikwere sitima ya pansi kupita ku Harlesden, kumene Kamuzu Banda ankagwira ntchito ya udokotala asanapite ku Ghana mu 1953. Anandiseka kuti kumeneko kulibe choona, ndipo sananame: mashopu a zakudya, mabasi ofiira, anthu othamangira kuntchito. Tinagula nthochi zokazinga pa shopu ya munthu wa ku Jamaica n'kudyera pamalo odikirira basi.