Thandizo la ukhondo wa chakudya lifike pathandala ku Likoma

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko m'malo mwa ife amene timadyera nsomba kuno ku Likoma ndi ku Chizumulu. Pawailesi timamva kawirikawiri kuti maiko akunja akuthandiza Malawi kuti katundu wathu akhale wapamwamba, wosadwalitsa anthu, ndiponso wotha kugulitsidwa kunja. Sindikutsutsa. Bungwe la European Union ndi UNDP anaika ndalama, a UNIDO n'kubweretsa akatswiri, mu pulojekiti ya SQAM yolimbikitsa bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ku Blantyre. Mu 2021 dziko lathu linavomerezanso mgwirizano wa msika umodzi wa Africa, AfCFTA. Koma usipa wathu umaonongekera pathandala, usanakwere n'komwe sitima, ndipo labotale ya bungwe la miyezo ku Blantyre singaupulumutse kumeneko.

Amene sanakhaleko kunyanja sangadziwe mmene dzinja limatilizira. Asodzi akabwera ndi chilimira m'bandakucha, timagula usipa n'kuuyanika, maso ali kumwamba. Mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, nsomba imafewa, ntchentche zimaikira mazira, mphutsi n'kuyamba. Kufutsa kapena kuwamba kumafuna nkhuni, pomwe chilumba chathu n'chamiyala, mitengo yochuluka ndi milambe ndi mango, ndipo nkhuni zambiri timachita kugula kwa anzathu a tsidya la Mozambique. Ndiye mayi amene watenga ngongole kubanki m'khonde amatani? Ena amagulitsa pamtengo wotaya. Ena, ndinene mosabisa, amawaza mankhwala osungira chimanga kuti tizilombo tisalowe m'matumba podikira sitima ya Ilala. Khalidweli ndimadana nalo ndi mtima wonse, chifukwa nsomba imeneyo imakathera m'mbale ya mwana ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Komatu kukalipira kokha sikungalithetse ngati munthuyo alibe njira ina yotetezera mpamba wake.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti njirayo ilipo, ndipo inayesedwa m'nyanja yomweyi. Pulojekiti ya Nsomba n'Chuma, imene inathandizidwa ndi maiko a Canada ndi Australia, inagwira ntchito ndi akatswiri a ku Chancellor College komanso a zofufuza za nsomba ku Monkey Bay, n'kumanga matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa m'madooko a ku Salima ndi Mangochi. Ndi nyumba ya mitengo yokutidwa ndi pulasitiki woonekera, yokhala ndi mathandala m'kati ndi mipata yolowera mpweya. Mvula silowa, fumbi ndi ntchentche sizifika, nkhuni sizifunika. Usipa wotuluka mmenemo umakhala woyera moti ukhoza kuikidwa m'mapaketi n'kulowa m'masitolo akuluakulu. Ife kuno ambiri tikuyanikabe monga ankachitira agogo athu, ena pamchenga penipeni. Tenti yotere ndi yodula kwa mayi mmodzi, koma gulu la amayi likhoza kuibweza pang'onopang'ono litapatsidwa ngongole yopepuka.

Kale tinkauzidwa kuti vuto ndi magetsi, popeza jenereta ya dizilo inkazima usiku. Tsopano pazilumba zonse ziwiri pali magetsi a dzuwa. Nanga n'chiyani chikuletsa kuti pakhale makina okwanira oumba ayezi ndi chipinda chozizira pafupi ndi dooko, kuti kampango ndi ncheni zizifika ku Nkhata Bay zili zaziwisi? Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951, imatipeza kamodzi popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera pa sabata. Mwera ukakula, mabwato ang'onoang'ono sayenda. Masiku odikira amenewo ndi amene amatidyera phindu.

Za malonda a m'malire nazonso zili ndi mavuto ake. Anzathu a ku Mchinji ali ndi ndondomeko ya COMESA yopeputsa mapepala kwa ochita malonda ang'onoang'ono opita ku Zambia. Mozambique sili mu COMESA, pomwe ife tazunguliridwa ndi madzi a dziko limenelo, ndipo chimanga, ufa ndi nkhuni zathu zambiri zimachokera ku Cobue ndi midzi yoyandikana nayo. Maboma a Malawi ndi Mozambique atiganizireko ndi ndondomeko yofanana nayo, yolembedwa m'chilankhulo chimene mayi wamalonda angawerenge.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lino tilipo anthu oposa 14,000. Ndikudziwa kuti chiwerengerochi n'chochepa poyerekeza ndi Mangochi, ndipo kutumiza mlangizi kuno kumadya ndalama ndi masiku. Koma pafupifupi khomo lililonse kuno limadalira nyanja, minda yokwanira tilibe.

Pempho langa kwa aboma ndi mabungwe othandiza ndi lakuti polemba mapulojekiti atsopano abwere adzakhale nafe pansi pagombe m'mwezi wa Januwale, osati kuitana anthu atatu ku hotela ya kumtunda. Atibweretsere matenti, ayezi, ndi mlangizi wokhala konkuno amene aziona nsomba isanapakiridwe ndi kutiphunzitsa zofunika kuti usipa wa ku Likoma upeze chizindikiro cha miyezo.

Ndine wodandaula,
Mayi wogulitsa usipa,
Likoma