Abambo, mbewa ya manyazi idafera kuuna

Aliyense amene adafikapo pa doko la Kachulu m'mamawa akudziwa kuti pamalopa si posowa ndiwo. Mabwato akamakocheza kuchokera ku Chisi ndi mkatikati mwa nyanja ya Chilwa, matemba, makumba ndi milamba zimadzaza madengu, ndipo pofika masana zimakhala zili pa ulendo wa ku Zomba, Limbe ndi misika ina.

Chodandaulitsa nchakuti bambo yemwe wagulitsa nsombazo nthawi zambiri salawako. Akalandira ndalama amalunjika pa chiwaya kukadya nyama yonona yokazingidwa m'mafuta a dzana, akatero nkutsirira kachasu ndi fodya. Izi sizikuchitika pa Kachulu pokha. Ndi khalidwe lomwe lazika mizu pa misika yambiri m'dziko muno.

Tayamba ndi nkhani ya kadyedwe chifukwa pali nthenda ina yomwe abambo safuna kuitchula, koma ikuwatha mwakachetechete. Nthendayi ndi khansa ya prostate.

Prostate ndi kachiwalo kakang'ono ngati suku, kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu 2022 amuna oposa 1.4 miliyoni adapezeka ndi khansa ya kachiwaloka, ndipo pafupifupi 400,000 adamwalira nayo.

Pali zinthu zitatu zimene munthu sangazisinthe. Choyamba ndi msinkhu: nthendayi imakonda amuna amene apitirira zaka 50. Chachiwiri ndi kumtundu: ngati bambo anu kapena mchimwene wanu adadwalapo, inunso muli pachiopsezo chachikulu. Chachitatu nchakuti imagwira kwambiri amuna akuda kusiyana ndi mitundu ina. Apa ndiye kuti nkhaniyi ndi yathu.

Koma zilipo zina zomwe zili m'manja mwathu. Madokotala adapeza kuti kunenepa kwambiri kumaonjezera chiopsezo cha khansa ya prostate yolusa, yomwe imafalikira msanga, komanso kuti osuta fodya akaidwala amafa nayo kwambiri kusiyana ndi osasuta. Nzomvetsa chisoni kuti kwathu kuno mimba yaikulu timaitenga ngati chizindikiro cha ubwana. Msodzi wopalasa bwato ndi mlimi wa mpunga m'dambo la Chilwa thupi lawo limagwira ntchito mokwanira. Vuto limayamba munthu akagula bwato lake kapena akatsegula golosale, nkuyamba kukhala pampando tsiku lonse, ngakhale ulendo wa pafupi nkumakwera kabaza. A WHO amalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kugwira khasu kwa theka la ola masiku 5 pa sabata nkokwanira.

Pa nkhani ya chakudya, sitikunena zokagula m'masitolo a m'tauni. Nsima ya mgaiwa, matemba otendera kapena ophika ndi tomato, nandolo, nyemba, soya, bonongwe, chisoso, nkhwani, mapapaya, magwafa ndi mango ndi zimene zimathandiza munthu kusanenepa mopyola muyeso, ndipo zimatetezanso ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mlingo umene akatswiri amanena ndi magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Nyama yofiira tizidya mwa apo ndi apo, ndipo masoseji ndi nyama zina zokonzedwa kufakitale tizichepetsa ndithu, poti mu 2015 bungwe la WHO lidaziika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Abambo ena amati masamba ndi ndiwo za amayi ndi ana. Maganizo otere ndi achikale ndipo akutipweteka.

Komabe tisanamizane. Palibe chakudya, tsamba kapena muzu umene ungamutsimikizire munthu kuti sadzadwala khansayi. Tichenjere ndi anthu ogulitsa mankhwala m'misika ndi m'mabasi amene amati botolo limodzi limachiza matenda onse a abambo. Ngakhale mapiritsi a mavitamini si oyenera kungomwa mwachisawawa. Kafukufuku wamkulu wa ku America adapeza mu 2011 kuti amuna amene ankamwa mapiritsi a vitamini E ndiwo adapezeka ndi khansayi mochulukirapo kusiyana ndi anzawo.

Nchifukwa chake tikuti kudya bwino kuyende limodzi ndi kupita kuchipatala. Kudzukadzuka usiku kukataya madzi, mkodzo wotuluka movutikira kapena modukizadukiza, magazi mu mkodzo, ndi kupweteka kwa msana kapena m'chiuno kosatherapo si zinthu zongoti ndi ukalamba kapena wina wandiponda. Mphepete mwa nyanja anthu ambiri akaona magazi mu mkodzo amangoti ndi likodzo. Mwina ndi likodzo lomwelo, koma nalonso likalekereredwa limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mwinanso ndi kutupa chabe kwa prostate, komwe kumachitikira abambo ambiri achikulire ndipo si khansa. Wotha kusiyanitsa zonsezi ndi dokotala yekha.

Nkofunikanso kudziwa kuti khansayi ikamayamba kawirikawiri siionetsa chizindikiro chilichonse. Bambo wa zaka 50, kapena 45 ngati nthendayi ili kumtundu, akambirane ndi dokotala za kuyezetsa magazi kotchedwa PSA. Kuyeza kwina dokotala amagwiritsa ntchito chala, ndipo apa mpamene abambo ambiri amabwerera pakhomo la chipatala. Koma manyazi a mphindi imodzi angafanane ndi kusiya ana pa umasiye?

Bishopu Desmond Tutu wa ku South Africa adapezeka ndi khansayi mu 1997, sadabise, ndipo adakhala moyo mpaka 2021. Nelson Mandela adalandira chithandizo mu 2001 nkudzamwalira mu 2013 ali ndi zaka 95. Ngati akuluakulu otere adavomera kuyezedwa, ife tikuopa chiyani?

Tikupempha unduna wa zaumoyo kuti usadikire odwala ku chipatala chachikulu cha Zomba kokha, koma uthengawu ufike pa madoko ndi m'misika pomwe abambo amapezeka. Mafumu, makomiti a asodzi, abusa ndi mashehe nawonso alankhulepo. Inu amayi, ndinu oyamba kudziwa bambo akayamba kudzuka kasanu usiku. Musawasekerere, aperekezeni kuchipatala.

Anthu a pa Kachulu adaona nyanja ya Chilwa ikuuma mu 1995 ndi mu 2018, koma madzi adabwerera ndipo mabwato adayambanso kuyenda. Bambo wa pakhomo akapita sabwerera. Mawa mukamagulitsa nsomba, patulaniko za pakhomo, ndipo sabata ino pezani tsiku lokaonana ndi dokotala.