Za Kudimba: Ntchentche Yoluma Imabadwira pa Manyowa

Mvula ikayamba mu Okutobala, alimi a timadimba ta ku Marikana, Phokeng ndi Freedom Park, m'dera la migodi ya pulatinamu ku Rustenburg, amayamba kudandaula za ntchentche zoluma m'akakolo. Amalawi ochokera ku Nkhotakota kapena ku Kasungu amafulumira kuganiza za kashembe ndi matenda a kaodzera. Mantha amenewo ngosafunika, pakuti m'dziko la South Africa kashembe amapezeka kumpoto chakum'mawa kwa KwaZulu-Natal kokha. Ndiponso iye akatera amasanjikiza mapiko ake ngati sizasi yotseka.

Yoluma ku Rustenburg kawirikawiri ndi ntchentche ya m'khola, imene akatswiri amaitcha Stomoxys calcitrans. Msinkhu ndi maonekedwe ake n'chimodzimodzi ntchentche ya m'nyumba, koma woyang'anitsitsa amaona kamlomo kosongoka ngati singano kataloza kutsogolo. Imaluma masana, yaimuna ndi yaikazi yomwe. Galu wa zilonda kunsonga za makutu, kapena ng'ombe yopondaponda pansi osapuma, ndi umboni wakuti zilipo. Ng'ombe yotere sidya mokwanira ndipo mkaka umachepa.

Chodabwitsa n'chakuti mlimi wakhama ndiye amaziweta. Ntchentcheyi imaikira mazira mu udzu wowola, masamba a kabichi otayidwa ndi ndowe zonyowa zosakanikirana ndi zinyalala, ndipo kukatentha pamatenga pafupifupi masabata 3 kuti dzira lisanduke ntchentche. Choncho mulu wa manyowa uyenera kutembenuzidwa sabata iliyonse kuti utenthe mkati, kapena kufunditsidwa pepala lakuda la pulasitiki lotsindiridwa ndi dothi m'mphepete monse. M'mphepetemo ndimo mphutsi zimabisala, chifukwa mumakhala chinyezi koma simutentha. Ndowe zatsopano zimwazidwe mopyapyala padzuwa kuti ziume, ndipo pompi yodontha pafupi ndi khola ikonzedwe. Buluku lalitali ndi masokosi zimateteza wothirira mbewu.

Mankhwala a mumsewu, ogulitsidwa m'timapaketi topanda dzina pamalo okwerera mataxi, asafike kudimba. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, Soweto, ndi poizoni wotchedwa terbufos. Ngati ziweto zikuvutika kwambiri, mlangizi wa ziweto wa boma ndiye angatchule mankhwala ovomerezeka opaka m'miyendo, komabe mulu wa manyowa ukasiyidwa momwemo ntchentche zina zimatuluka mwezi usanathe.