Mwana Ali M'cipinda, Koma Alankhula Ndi Yani?

Sewero la Adolescence, limene Netflix inatulutsa mu 2025, liyamba m'mamawa. Apolisi a ku England athyola citseko ndi kugwira Jamie Miller, wa zaka 13, pomuganizira kuti anapha mtsikana wa pasukulu pao. Mwanayo acita mantha mpaka kudzikodzera. Cigawo coyamba conse anacijambula osaimitsa kamera, conco woonera alibe popumira.

Amene atikhudza ife ndi atate ake. Afunsa mwana ngati anacitadi, iye akana, iwo akhulupirira. Ndani wa ife sangatero? Kenaka apolisi atulutsa zimene mnyamatayo anali kulemba pa Instagram, ndiponso kanema wa CCTV. Bamboyo asowa poyang'ana.

Ena adzati izi n'za azungu. Ife tikana. Kuno kwathu, lamulo lilola kuti mwana wa zaka 12 aimbidwe mlandu. Mbuzi zathu timaziwerenga madzulo alionse, koma amene aceza ndi mwana pa foni usiku sitimudziwa ngakhale dzina.

Tipempha atsogoleri a miphakati kuti akaonetse makolo cigawo cimeneci. Ana aang'ono asakhalepo.