Njanji sitinaione, koma Ilala tili nayo

Anzanga ena amene anakhalako kunja amakonda kundisimbira za tawuni ya Skagway ku Alaska. Kumeneko alendo akatsika sitima ya pamadzi amakwera sitima ya pamtunda yakalekale ya White Pass kukaona mapiri, kenaka n'kuzungulira m'tawuni. Njanjiyo anaimanga pakati pa 1898 ndi 1900 chifukwa cha golide. Inatsekedwa mu 1982, koma mu 1988 anaitsegulanso kuti izinyamula alendo odzaona malo. Akatero amandifunsa: nanga ku Mzuzu kuno sizingatheke?

Abale anga, tinene chilungamo. Kuno ku Mpoto njanji sitinaionepo. Inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, kenaka n'kukhotera ku Mchinji. Atsamunda anatilambalala, boma la chipani chimodzi linatilambalalanso, ndipo maboma a matipate sanayale ngakhale chitsulo chimodzi.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife tili ndi Ilala, sitima imene inapangidwa ku Scotland, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Ikakocheza pa doko la Nkhata Bay, mlendo amakhala atayandikira Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Ine ndaonapo alendo akutsika pamenepo, kudya batala, kujambula mabwato, basi n'kukweranso. Apita osamva kanthu za ife.

Ganizo langa nali. Achinyamata a kuno aphunzitsidwe kulandira alendowa ndi kubwera nawo mumzinda. Ulendo uziyambira pa doko pomwepo, chifukwa ndi pamene asilikali a atsamunda anawombera anthu pa 3 Malichi 1959. Anthuwo anasonkhana kukana kuti anzawo omangidwa atengedwe pa sitima ya Mpasa, ndipo osachepera 20 anafa. Mlendo amvenso za a Orton Chirwa, mwana wa m'boma lomwelo, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 koma anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Kenaka akwere zitunda kufika ku Mzuzu, alowe mu Mzuzu Museum, ayende mumsika, amwe khofi wathu, amvenso m'mene esiteti ya mitengo ya tung inakulira mpaka kukhala mzinda mu 1985.

Inu amene munathawira ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, mbiri imeneyi muli nayo m'mutu. Kale kungotchula dzina la a Orton unali mlandu. Lero pakamwa ndi pathu. Mukapanda kuisimbira ana athu, adzawauza chiyani alendowo?

Ndichenjezepo ziwiri. Choyamba, Ilala si chidole cha alendo. Anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu amanyamulirapo chimanga, simenti ndi odwala, choncho isamaime kudikira munthu amene akumwa khofi ku Mzuzu. Chachiwiri, ndalama za ulendowu zizitsalira madalaivala, amayi a mumsika ndi achinyamata olondolera alendo. Zisathere m'thumba la kampani imodzi ya mbale wake wa nduna.

Njanji tipitiriza kuifunsa kwa aliyense wobwera kudzapempha mavoti. Koma khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ndi ya Nkhata Bay sizikusowa njanji kuti zikhale pansi ndi kuyamba ntchito imeneyi. Zikudikira chiyani?