Wogula Kamera Ayambe Waganiza za Lenzi

Munthu amene wasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule kamera yake yoyamba yosinthasintha malenzi, akalowa m'sitolo namva wogulitsa alikutamanda kuchuluka kwa ma megapixel, kawirikawiri amaiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, natsanulira chuma chake chonse pa thunthu la kamera, lenzi n'kungoilandira ngati basera. Ine ndinena kuti pamenepo wasokera, pakuti thunthu limakalamba msanga, pomwe lenzi yabwino, ikasamalidwa, imatumikira mwini wake zaka makumi.

Kugula kamera yotere kuli ngati kukwatira: sutenga munthu mmodzi yekha, ulowa m'banja lonse. Pafupifupi kampani iliyonse ili ndi kamwa lakelake lomangirapo lenzi. La Nikon, lotchedwa F, linayamba mu 1959, la Canon, lotchedwa EF, mu 1987, ndipo ngakhale makampani awiriwa anatulutsa makamera atsopano opanda kalilole mu 2018, a Z ndi a RF, malenzi akalewo akugwirabe ntchito pa makamera amenewa mwa kachipangizo kolumikizira. Chotero wogula ayambe wafunsa kuti ndi banja liti limene malenzi ake, atsopano ndi ogwirapo kale ntchito, angawapeze pafupi, ndiponso amene angamubwereke kapena kumukonzera.

Lenzi ya 18-55mm imene imadza ndi kamera siyoipa ayi, ndipo padzuwa imajambula mokoma. Koma m'tchalitchi pa tsiku la ukwati, kapena pachinkhoswe dzuwa litapendeka, imafooka, popeza pa 55mm imangotseguka kufika f/5.6. Lenzi ya 50mm f/1.8, imene ili m'gulu la zotsika mtengo koposa, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi, niimika nkhope ya mkwatibwi poyera, za kumbuyo zitazimiririka. Dziwani kokha, inu ogula, kuti pa sensa yaing'ono ya APS-C lenzi imeneyi imaona mopapatiza monga ya 75mm kapena 80mm pa sensa yaikulu, motero wojambula m'zipinda zothina angachite bwino kutenga ya 35mm.

Ndikadakhala ine wolangiza, ndikadati agule DSLR, kamera ya kalilole, yogwirapo kale ntchito, atafunsitsa kuti yajambula zithunzi zingati, ndi kuunika lenzi yake padzuwa kuti aone ngati mulibe nkhungu. Ndalama zotsalazo agulire lenzi yowala ija, batire lachiwiri ndi khadi losungira zithunzi.